Khansa ya m'kamwa ikakula mwa agogo: kodi thupi lokalamba lingapirire kuwotcha ndi kemo pamodzi?

Kwa zaka zambiri, munthu akapezeka ndi khansa yofunika kuwotcha kuno ku Malawi, nkhani inkathera pa kudikira ulendo wakunja, ku India, ku Tanzania kapena ku Lusaka. Okalamba ambiri ulendowo sankaulota n'komwe. Zinthu zasinthako. Mu 2024 chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Funso lomwe kale linkavutitsa mabanja ochepa tsopano lafika pamkeka wa mabanja ambiri.

Funsolo limabwera chonchi. Agogo ali ndi bala palilime kapena pankhama lomwe lakana kupola, m'khosi mwatuluka chotupa cholimba, ndipo adokotala atchula mawu awiri achilendo: radiotherapy, komwe ndi kuwotcha kuja, ndi chemotherapy, mankhwala aja ambiri amangoti kemo. Ana agawikana. Ena akuti agogo akalamba, asazunzike. Ena akuti tiyese zonse, tingadzadandaule mawa. Mbali zonse ziwiri zikuyankhula mwachikondi, ndipo cholinga changa si kugamula mlanduwu. Ndikufuna kuti pamene mukukambirana muzidziwa chimene chikukambidwacho.

Tikunena khansa iti?

M'kamwa mumatuluka matenda ambiri, ndipo tisawasokoneze. Khansa tikunenayi imayambira pa kakhungu konyowa komwe kanakuta lilime, pansi pa lilime, nkhama, m'kati mwa masaya, milomo ndi denga la m'kamwa. Madokotala amaitchula kuti squamous cell carcinoma, ndipo pa khansa 10 zilizonse za m'kamwa, pafupifupi 9 zimakhala za mtundu umenewu. Ndi yosiyana ndi Kaposi, yomwe imaoneka ngati zigamba zofiirira kudenga kwa m'kamwa makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV. Ndi yosiyananso ndi khansa ya kummero yotsekereza chakudya, yomwe ndi yofala kwambiri kwathu kuno. Iliyonse ili ndi chithandizo chake.

Padziko lonse, mu 2022 anthu pafupifupi 390,000 anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 188,000 anamwalira nayo. Gwero lake lalikulu ndi fodya, wosuta komanso woika m'kamwa uja agogo aakazi ena amasunga kuseri kwa mlomo, ndiponso mowa. Ziwirizi zikakumana, chiopsezo chimakwera kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Ku India ndi mayiko oyandikana nawo vutoli ndi lalikulu chifukwa cha chizolowezi chotafuna fodya ndi mtedza wa areca, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wambiri wothandiza pa matendawa amachokera kumeneko.

Imayamba mwaulemu: kabala kosapweteka, kachigamba koyera kapena kofiira, dzino logwedera popanda chifukwa. Bala la m'kamwa likatha masabata 3 osapola liyenera kuonedwa kuchipatala. Kuti atsimikize, amadula kanyama kakang'ono n'kukapima. Pali mantha akuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Si zoona. Imene imalusa ndi imene yasiyidwa miyezi ikudya mwakachetechete.

Adokotala akati yakula, amayang'ana zinthu zitatu: kukula ndi kuzama kwa chotupa, ngati yalowa mu anabere a m'khosi, komanso ngati yafika kutali monga m'mapapo. Siteji 3 ndi mbali ina ya siteji 4 zimatanthauza kuti yakula pamalo pomwepo, mwina yalowa m'fupa la nsagwada kapena mu anabere, koma sinadumphire kutali. Apa ndi pofunika kumvetsa, chifukwa anthu akangomva kuti siteji 4 amayamba kukonzekera maliro. Khansa ya m'kamwa ya siteji 4 yomwe sinafike kutali imatha kuthandizidwa ndi cholinga chochiza, ngakhale kuti mwayi umakhala wocheperapo kusiyana ndi yopezeka msanga.

Mpeni ndiwo umatsogola

Pa khansa ya m'kamwa, njira yoyamba ikakhala yotheka ndi opaleshoni. Amachotsa chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, amachotsa anabere a m'khosi, ndipo pena amatenga khungu kapena fupa kwina n'kudzaphatika pomwe achotsapo. Kuwotcha ndi kemo zimabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pambuyo pa opaleshoni, kusesa zotsalira zosaoneka ndi maso. Yachiwiri ndi pamene opaleshoni singatheke, kaya chifukwa chotupa chazinga mitsempha ikuluikulu, kaya mtima ndi mapapo a wodwala sangapirire maola ambiri ali chigonere, kaya mwiniwake wakana.

Si aliyense wochitidwa opaleshoni amene amafunika kemo. Mu 2004 kunatuluka zotsatira za kafukufuku muwiri wamkulu, wina wa ku Ulaya wotchedwa EORTC 22931 ndi wina wa ku America wotchedwa RTOG 9501. Ataphatikiza zomwe anapeza, zinaoneka kuti kemo imathandiza kwambiri pa magulu awiri: omwe khansa yapezeka m'mphepete mwenimweni mwa nyama yomwe yadulidwa, ndi omwe khansa yaboola chikuto cha mwanabere n'kutulukira kunja. Ena onse nthawi zambiri kuwotcha kokha kumakwanira. Ndiye musanakangane za kemo, yambani mwafunsa kuti lipoti la ku labu lanena chiyani.

Kuwotcha kopanda moto

Mawu akuti kuwotcha amaopsa kuposa chinthu chenichenicho. Radiotherapy ndi cheza champhamvu, chamtundu wa X-ray, chomwe makina amalunjikitsa pamalo pomwe pali khansa. Palibe lawi, palibe kutentha, ndipo pa nthawi imene makina akugwira ntchito munthu samva kalikonse. Chezacho chimathyola malangizo a m'kati mwa selo, aja amati DNA, moti selo likafuna kugawikana limalephera n'kufa.

Asanayambe amajambula mutu ndi khosi pa makina a CT, kenako amaumba chigoba cha pulasitiki chofanana ndi nkhope ya wodwalayo. Chigobachi chimagwira mutu kuti usasunthe, cheza chizigwera pamalo omwewo tsiku lililonse. Muyeso wa cheza umatchedwa gray. Pochiza popanda opaleshoni, kawirikawiri amapereka magray 70 pa maulendo 35, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 7. Pambuyo pa opaleshoni amapereka 60 mpaka 66 kwa masabata 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amafuna kuyamba pasanathe masabata 6 chichitikire opaleshoniyo. Ulendo uliwonse umatenga mphindi zochepa chabe.

Bwanji osangopereka zonse tsiku limodzi? Chifukwa maselo abwino amadziwa kudzikonza usiku umodzi kuposa maselo a khansa. Kupereka pang'onopang'ono kumapatsa mnofu wabwino mpata wopuma pamene khansa ikufookerafookera. Koma mpata womwewo ukatalika, khansa nayo imapezerapo mwayi. Mlimi amadziwa za namsongole: ukapalira theka la munda n'kupita kumaliro sabata yathunthu, pobwera umapeza waphukanso. Khansa ya m'kamwa imachulukana msanga chithandizo chikadukiza, ndipo tsiku lililonse lojomba limadya mwayi wochira. Mfundo iyi muisunge, chifukwa mkangano wonse wa kemo mwa okalamba wagona pomwepa.

China chomwe mabanja amafunsa monong'ona: ayi, agogo sabwera kunyumba ndi cheza m'thupi. Akhoza kunyamula zidzukulu, kudyera mbale imodzi ndi ena, kugona chipinda chimodzi ndi anzawo.

Nanga kemo ikudzatani?

Chemotherapy, yomwe ambiri amangoti kemo, ndi mankhwala opha maselo omwe amagawikana msanga. Ikaperekedwa nthawi imodzi ndi kuwotcha, ntchito yake yaikulu si kupha khansa payokha. Ntchito yake ndi kuifewetsa kuti cheza chiigwire bwino. Zili ngati kuyanika nkhuni musanakoleze: moto ndi womwewo, koma zouma zimapsa bwino kuposa zaziwisi.

Mankhwala odalirika pa ntchitoyi ndi cisplatin. Ndi akale, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1978, si odula kwambiri, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Amaperekedwa pa diripi. Njira yakale ndi mlingo waukulu katatu, tsiku loyamba, tsiku la 22 ndi tsiku la 43. Njira ina ndi mlingo wocheperapo sabata iliyonse.

Vuto ndi lakuti nkhuni zikauma, si chotupa chokha chimapsa bwino. Kakhungu ka m'kamwa nakonso kamapsa kwambiri. Ndipo cisplatin ali ndi mavuto akeake: amapweteka impso, amachepetsa kumva, amachititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi, amasanzitsa, amagwetsa asilikali a m'magazi. Taonani kuti zonsezi ndi ziwalo zomwe ukalamba unayamba kale kuzidya.

Nkhani ya zaka 70

Phindu la kuwonjezera kemo ndi lalikulu bwanji? Yankho lodalirika linachokera ku gulu la akatswiri lomwe linasonkhanitsa kafukufuku wa khansa za m'mutu ndi m'khosi padziko lonse, ntchito yotchedwa MACH-NC. Mu lipoti lawo la 2009 anaphatikiza kafukufuku 93 wa odwala oposa 17,000. Anapeza kuti kemo ikaperekedwa pamodzi ndi kuwotcha, pa odwala 100 alionse pamakhala anthu 6 kapena 7 owonjezera omwe amakhala ali moyo pakatha zaka 5, poyerekeza ndi owotchedwa okha. Lipoti la 2021, lomwe linali ndi odwala oposa 19,000, linapeza zomwezo.

Nambala imeneyi tiione bwino. Kwa anthu 6 kapena 7 aja ndi mabanja awo, ndi moyo weniweni, si kanthu kakang'ono. Koma ikutanthauzanso kuti mtolo waukulu wa kuchiza umasenzedwa ndi opaleshoni ndi kuwotcha. Kemo ndi wothandizira. Munthu amene walandira kuwotcha kokha sanamanidwe chithandizo.

Lipoti lomwelo linaonetsa chinthu china chomwe chakhala chikutsogolera madokotala mpaka lero. Phindu lija linkacheperachepera zaka zikamakwera. Linali lalikulu mwa osakwana zaka 50, locheperapo mwa a zaka za m'ma 60, ndipo mwa opitirira zaka 70 silinaonekenso. Apa ndi pomwe panachokera chizolowezi cha zipatala zambiri chosapereka cisplatin kwa munthu wopitirira zaka 70.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Mwa odwala onse aja, opitirira zaka 70 anali pafupifupi 4 pa 100 alionse. Kafukufuku wambiri sankalola n'komwe okalamba kulowamo, ndipo wa ku Ulaya wa 2004 uja malire ake anali zaka 70. Kuwonjezera apo, okalamba amamwalira ndi matenda enanso, a mtima, sitiroko, chibayo, zomwe zimaphimba phindu lililonse lomwe kemo ingabweretse pa khansayo. Ndiponso kafukufuku wambiri mwa ameneyu anachitika makina owotchera asanafike luso la masiku ano lozemba ziwalo zabwino.

Madokotala ena anayang'ana m'mabuku a zipatala kuona zomwe zinachitikira okalamba omwe analandiradi zonse ziwiri. Kafukufuku wina wotere wa 2023, wa odwala oposa 1,000 a zaka 65 kupita m'tsogolo a m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America, anapeza kuti olandira kemo pamodzi ndi kuwotcha anakhala moyo nthawi yotalikirapo. Otsutsa amayankha kuti zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa dokotala amasankha kale nkhalamba zamphamvu kuti ndizo zilandire kemo. Ndi kemo imene inawathandiza, kapena anali olimba kale? Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo akatswiri eniake akadakambirana.

Pomwe onse amagwirizana ndi apa: kemo ikagwetsa wodwala pa sabata yachinayi n'kudukiza kuwotcha kwa masiku 10, yawononga zambiri kuposa zomwe ikanakonza.

Kuyeza munthu, osati chitupa

Kwathu kuno zaka za pachitupa n'zosadalirika kwenikweni. Agogo ambiri chaka chobadwa anachita kuwayerekezera potengera njala ya 1949 kapena nthawi ya chitaganya. Ndipo tonse timawadziwa agogo a zaka 78 omwe amalima ekala yathunthu n'kupalasa njinga kupita kumsika, komanso bambo a zaka 62 omwe shuga ndi BP zinawagwetsa kale. Mwa awiriwa, amene angapirire kemo mwina ndi wamkuluyo.

N'chifukwa chake madokotala a khansa ya okalamba amalimbikitsa kuyeza mphamvu za thupi lonse. Pali kafomu kafupi kotchedwa G8, ka mafunso 8. Kamafunsa ngati munthu wachepetsa kudya m'miyezi 3 yapitayi, ngati watsika sikelo, ngati amayenda yekha, ngati akuiwalaiwala kapena ali ndi nkhawa yaikulu, kulemera kwake poyerekeza ndi msinkhu, ngati amamwa mitundu ya mankhwala yoposa 3 patsiku, mmene amadzionera poyerekeza ndi anzake amsinkhu wake, ndipo pomaliza zaka zake. Zaka ndi funso limodzi lokha mwa 8. Malikisi onse ndi 17, ndipo wopeza 14 kapena kutsika amafunika kuunikidwa mozama asanapatsidwe chithandizo cholemera.

Kuunikako kumagawa okalamba m'magulu atatu. Olimba amatha kulandira chithandizo chofanana ndi cha achinyamata. Apakatikati amafunika kukonzedwa kaye, kudya bwino, kuwongola shuga ndi magazi, kapena kupatsidwa chithandizo chopepukirapo. Ofooka kwambiri chithandizo cholemera chimawafupikitsira moyo m'malo moutalikitsa.

Impso ndi zomwe zimafuna diso lakuthwa. Kuchipatala amayeza chinthu chotchedwa creatinine m'magazi, chomwe chimachokera ku minofu. Agogo owonda ali ndi minofu yochepa, choncho nambala yawo imatha kuoneka yabwino pamene impso zikugwira ntchito theka lokha. Dokotala wosamala amawerengera zaka ndi sikelo asanakhulupirire nambalayo. Apa achibale muli ndi udindo waukulu: tengani mankhwala onse omwe agogo amamwa mupite nawo. Ma ARV omwe ali ndi tenofovir amalemetsa impso, ndipo adokotala ayenera kudziwa kuti aone chochita, koma musawasiyitse nokha. Mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, omwe okalamba ambiri amagula pagolosale chifukwa cha mawondo, ndi oopsa akakumana ndi cisplatin. Mankhwala azitsamba nawonso muwatchule, musachite manyazi. Ndipo ngati agogo amamva movutikira kale, nenani. Kugontha kobwera ndi cisplatin nthawi zambiri sikubwerera, ndipo nkhalamba yosamva imasanduka mlendo pakhomo pake pomwe.

Cisplatin wamkulu akakanika

Pali njira zapakati. Yodziwika kwambiri ndi cisplatin wa sabata ndi sabata. Apa mlingo ndi wofunika. Chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai chinayesa mamiligalamu 30 pa muyeso wa thupi sabata iliyonse, ndipo mu 2018 chinalengeza kuti khansa inkabwerera kwambiri poyerekeza ndi mlingo waukulu uja. Ku Japan anayesa mamiligalamu 40 pa odwala ochitidwa opaleshoni, ndipo mu 2022 anapeza kuti amagwira ntchito mosachepera pa mlingo waukulu, koma osapweteka kwambiri impso ndi makutu.

Kwa omwe sangalandire cisplatin m'pang'ono pomwe, Tata Memorial yomweyo inayesa mankhwala otchedwa docetaxel, pang'ono sabata iliyonse. Zotsatira za 2023 zinaonetsa kuti pakatha zaka 2, pafupifupi 51 mwa 100 anali moyo, poyerekeza ndi pafupifupi 42 mwa owotchedwa okha, ngakhale kuti zilonda za m'kamwa zinali zowawa kwambiri. Chotsatira ichi n'chofunika kwa mayiko ngati athu chifukwa docetaxel amapezeka ndipo odwala a ku India amafanana ndi athu pa nkhani ya kufika mochedwa ndi kuperewera zakudya. Palinso carboplatin, m'bale wake wa cisplatin wosalusa pa impso, ngakhale umboni wake ndi wochepa. Mankhwala ena otchedwa cetuximab ndi odula, ndipo kafukufuku wa 2006 yemwe anawatchukitsa sanali wa khansa ya m'kamwa, komanso phindu lake mwa opitirira zaka 65 silinaoneke bwino.

Ku Japan, komwe okalamba ndi ochuluka zedi, madokotala ena a m'kamwa amagwiritsa ntchito njira ina yochititsa chidwi. Amalowetsa kachubu mumtsempha wa magazi wa kutsogolo kwa khutu mpaka kukafika pa mtsempha womwe ukudyetsa chotupacho, n'kumathira mankhwala pomwepo pamene kuwotcha kukupitirira. Zili ngati kuthirira phando limodzi m'malo momwaza madzi munda wonse. Kumeneko ena apulumutsa malilime ndi nsagwada za okalamba mwa njirayi. Koma ku Netherlands atayerekeza kuthira cisplatin mumtsempha wa chotupa ndi diripi wamba, sanapeze kuti kunali kopambana. Imafunanso akatswiri ndi zipangizo zomwe zipatala zambiri padziko zilibe. Mukaiwerenga pa intaneti, musaganize kuti agogo akumanidwa chozizwitsa.

Masabata 7 aja amaoneka bwanji

Apa ndi pomwe ndimafuna mabanja amve zoona zake, chifukwa ambiri amakonzekera ndalama ya thiransipoti osakonzekera mbale ya phala.

Asanayambe, mano ayenera kuonedwa. Ovunda amazulidwa pasadakhale, pafupifupi masabata 2 kuwotcha kusanayambe, chifukwa fupa la nsagwada lomwe lalandira cheza silipola bwino, ndipo kuzula dzino pambuyo pake kukhoza kusiya bala lovuta kwambiri.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri zimadutsa bwino, moti ena amati ankangotiopseza. Cha kumapeto kwa sabata yachiwiri kapena yachitatu, m'kamwa mumayamba kufiira, kenako zilonda. Malovu amanata ngati ulimbo kenako amauma. Chakudya chimataya kukoma, ena amati chilichonse chikumveka ngati dothi kapena chitsulo. Khungu la pakhosi limada n'kusupuka. Pofika sabata yachisanu, kumeza ngakhale madzi kumakhala nkhondo. Zowawazi zimafika pachimake kumapeto, ndipo zimapitirira sabata imodzi kapena ziwiri chithandizo chitatha zisanayambe kuzizira. Banja losadziwa izi limaganiza kuti khansa yalusa, n'kumutenga wodwala kubwerera kumudzi pamene watsala pang'ono kuwoloka.

Chomwe chimagwetsa okalamba ambiri si cheza chenichenicho koma njala ndi ludzu. Munthu akasiya kumwa, impso zomwe zikulimbana kale ndi cisplatin zimafooka. Akasiya kudya amawonda, chigoba chija chimakhwepa, chitetezo chimagwa, chibayo chimalowa, makamaka chakudya chikamalowera kumapapo chifukwa cha kumeza movutikira. Choncho adokotala akatchula chubu chodyetsera, chodzera m'mphuno kapena cholowa pamimba, si chizindikiro chakuti ataya mtima. Ndi mlatho woti agogo awolokere masabata ovutawo, ndipo ambiri amadzachichotsa.

Nsima yolimba idikire. Phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mkaka, dzira, kamafuta pang'ono. Mapeyala ndi nthochi zokanya. Msuzi wa nyemba wosefa. Usipa wosinja bwino wothira m'phala. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chofunda osati chotentha. Tsabola, mandimu, zakumwa zowawasa ndi mowa zimalasa pazilonda. Kuchukucha m'kamwa kangapo patsiku ndi madzi owiritsa othira kamchere ndi kasoda kumathandiza. Fodya ayenera kusiyidwa, chifukwa kusuta pa nthawi ya kuwotcha kumachepetsa mphamvu ya chithandizo. Ndipo ululu usabisidwe. Morphine wakumwa amaperekedwa m'zipatala zathu, ndipo kumumwa sikutanthauza kuti munthu ali pafupi kufa. Kumwa mankhwala a ululu mphindi zingapo chakudya chisanafike kumathandiza munthu kumaliza mbale yake.

Thupi likatentha pa nthawi ya kemo, musangoti ndi malungo n'kudikira kuche. Asilikali a m'magazi akatsika, matenda ang'onoang'ono amapha m'maola ochepa. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo nenani pakhomo pomwe kuti wodwalayo ali pa kemo.

Kenako pali gadiyani. Masabata 7 mu Lilongwe kapena mu Blantyre, kwa banja la ku Nsanje kapena ku Chitipa, ndi nkhani ya malo ogona, makala, munda wosiyidwa, ana a sukulu. Kawirikawiri mtolowu umagwera mwana wamkazi mmodzi. Madokotala a okalamba amawerengera kupezeka kwa wosamalira ngati mbali ya kuyeza kuja, ndipo akulondola. Banja ligawane masabata chithandizo chisanayambe, osati chitafika pakati.

Zina zimatsalira ngakhale munthu atachira: m'kamwa mouma, mano ovunda msanga, nsagwada zolimba, kumeza kovutirapo. Makina amakono amatha kuzemba timatumba topanga malovu n'kuchepetsa kuumako, koma sakuchotsa konse.

Pamene cholinga si kuchiza

Pali okalamba omwe khansa yafika kutali, kapena thupi silingapirire masabata 7 ngakhale popanda kemo. Pali enanso omwe amva zonse n'kunena kuti ayi, ndikufuna kukhala pakhomo panga. Kwa amenewa kuwotcha kulipobe, koma kwakufupi, kochepetsa ululu, kutaya magazi ndi fungo. Njira ina yomwe inayesedwa ku Melbourne ku Australia imapereka cheza maulendo 4 m'masiku 2, ndipo ikhoza kubwerezedwa pakapita masabata angapo ngati yathandiza. Ku India anaonetsanso kuti mapiritsi otchipa a methotrexate ndi celecoxib, omwa kunyumba, amathandiza odwala otere. Ndipo pali chisamaliro chochepetsa ululu, chomwe malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akupereka kwa zaka zambiri. Chisamalirochi sichidikira masiku omaliza. Chikhoza kuyamba tsiku lomwe matenda apezeka, n'kumayenda limodzi ndi chithandizo chochiza.

Mwambo wathu umakonda kubisira wamkulu matenda ake. Ana amakumana ndi adokotala pakhonde, agogo ali m'kati akudikira. Ndikumvetsa chifundo chomwe chili kumbuyo kwake. Koma amene adzagone pansi pa chigoba maulendo 35, amene adzameze phala kukhosi kuli zilonda, ndi iwowo. Ena akafunsidwa amati ndikufuna ndione mdzukulu wanga akulowa m'banja, ndipirira. Ena amati chimene ndikuopa si imfa koma kusiya kuyankhula. Mayankho awiriwa amatsogolera ku chithandizo chosiyana, ndipo palibe sikelo ya kuchipatala yomwe ingawayeze.

Mukalowa limodzi kwa adokotala, funsani ngati cholinga ndi kuchiza kapena kuchepetsa ululu, ndipo pemphani yankho losazungulira. Funsani ngati opaleshoni ndi yotheka, ndipo ngati yachitika kale, lipoti lanena chiyani za m'mphepete ndi za anabere. Funsani kuti kemo ikuwonjezera chiyani kwa agogo awa, osati kwa odwala onse, komanso kuti impso ndi makutu zayezedwa. Funsani chomwe chidzachitike akafooka pakati: nthawi zambiri yankho limakhala lakuti kemo imaimitsidwa koma kuwotcha kumapitirira. Pomaliza pemphani nambala ya foni yoimba usiku thupi likatentha, muilembe pachikuto cha buku la kuchipatala la agogo.